Ndinkaimba ku Tete Anzanga Akukumba Manda

Abale anga, musanditenge ngati mlaliki chifukwa ndaimirira kutsogolo kuno. Dzina langa ndine Orasiyo, kwathu ndi mudzi wina wa ku Chidzolomondo, koma mukadafika ku Tete zaka zija n'kufunsa dzina limeneli, palibe akadakulozerani. Kumeneko ndinali Bayishu, potengera viyola ya zingwe zinayi ija, gitala yolira pansipansi imene munthu amaimva m'chifuwa isanafike m'makutu. Ndabwera kuno ku Furancungo kuti ndikuuzeni mmene mowa ndi magetsi a mumzinda zinandifikitsira poti mayi anga anatandala tsiku lonse m'nyumba ya siwa, manda awo palibe wofuna kukumba. Ndikuona ena maso ali pansi, ena fungo la dzulo likadali m'malaya. Musachite manyazi, fungo limenelo ndimalidziwa kuposa inu.

Ndinakulira kothawa nkhondo, ku Malawi. Kumeneko ine ndi mnzanga Kalisito tinakhoma viyola yathu yoyamba, ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga. Kumenekonso n'kumene bambo anatisiya, n'kuikidwa m'manda a eni dziko, pamalo pamene lero sindingakulozereni ngakhale mutandilonjeza ng'ombe. Mtendere utabwera tinabwerera atatu: mayi, achemwali anga a Madalena, ndi ine. Mayi sanali munthu wopemphapempha, koma chinthu chimodzi ankachibwereza chaka ndi chaka: "Ine ndikadzafa mudzandigoneke pakati pa anthu anga. Musadzanditaye ngati mmene tinatayira abambo anu." Ndinkaseka n'kuyankha kuti, "Amayi, zimenezo n'zosachita kunena."

Kalisito anakwatira n'kuyamba kulima fodya. Ine ndinkaimba m'kwaya ndi m'maukwati. Zaka za malasha zitafika, aliyense wamiyendo iwiri akuthamangira ku Tete, munthu wina anandimva pa fesita, phwando la ukwati, nati konjuntu yawo, gulu loimba, ikusowa wa bayishu. Ndinakwera shapa, kaminibasi kathu kaja, ndi malaya awiri m'jumbo. Mayi ndinawauza kuti ndibwera mvula isanagwe.

Malo amene tinkaimbamo sindiwatchula mayina olembedwa pakhomo, ndiwatchula mmene tinkawatchulira ife. Ndipo ndikuuzeniretu, abale anga, sindinama kuti kunali konyansa. Kukadakhala konyansa ndikadabwerako sabata yomweyo.

Kunali kwa Dona Fina, mayi wina wonenepa wa ndolo zazikulu, amene bwalo lake linali m'mbali mwa Zambezi. Pakati pa bwalo panali mlambe, ndipo m'nthambi zake anakolekamo mababu obiriwira, ofiira ndi achikasu. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa, limaphika munthu ali chiimire. Likangolowa, Dona Fina ankawaza madzi pasimenti, ndiye fungo la fumbi lonyowa linkasakanikirana ndi la mbuzi yowotcha. Mpaka lero mvula yoyamba ikagwa pafumbi, ndimapezeka ndaima pakati pa munda, zala za dzanja lamanzere zikuyenda zokha pampini wa khasu. Tikayamba pasada, anthu ankagwirana awiriawiri n'kumangosuntha pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Panali mdala wina wa suti yoyera amene ankabwera Lachisanu lililonse n'kuvina yekha, kampango kali m'manja, ndipo palibe ankamuseka. Cha pakati pa usiku kamphepo kankakwera kuchokera kumtsinje, mababu aja n'kumagwedera, magetsi a pa mlatho akusambira m'madzi. Ine mwana wa ku Chidzolomondo, wozolowera koloboyi, ndinkaimirira papaluko, pansanja ya oimba, n'kumadzifunsa ngati ndili maso.

Kunali pa Ngalawa, nyumba yosanja yosongoka kutsogolo, kumene kunkapita a mataye ndi azungu a kumigodi. Kudenga kunali chimpira cha tizigalasi chimene chinkazungulira n'kumawaza timadontho ta kuwala pankhope za anthu. Mlonda wa pakhomo ankayang'ana nsapato kaye, nkhope pambuyo. Chifukwa cha iyeyo ndinagula nsapato zoyera zosongoka, ndipo ndinkazipukuta ndi mankhwala otsukira mano.

Ndiye kunali ku Uvuni. Kumeneko kunalibe zenera ngakhale limodzi. Anyamata a ku malasha ankatsika basi kuchokera ku Moatize n'kulowa ndi majombo awo, makoma n'kumachita thukuta. Tikamenya sungura kapena rumba, pansi pankanjenjemera. Ndinkatsitsa bayishu mpaka mabotolo kumayenda okha pamatebulo, anthu n'kumakuwa, "Bayishu! Mais, mais, onjezera!" Abale anga, dzina lako likamakuwidwa ndi anthu mazana, umaiwala kuti uli ndi lina limene anakupatsa amako.

Mowa unalowa mwaulemu. Botolo loyamba linali lothetsa kutentha. Lachiwiri linali la mwini malo, ndipo mphatso sakana. Patapita chaka ndinkamwa kuti ndikwere papaluko, patapita zitatu ndinkamwa kuti zala zisanjenjemere, kenako ndinkamwa nipa, kachasu wa kumeneko, m'mawa ndisanasukusule. Mvula inagwa kasanu ndi kanayi ine osaponda kwathu. Akazi ndinali nawo, koma palibe amene ndinamupezera ankhoswe.

Achemwali ankaimba foni. Nthawi zambiri inali ya maliro. Amalume a uje atisiya, mpongozi wa uje watisiya, bambo ake a Kalisito atisiya. Kwa ine maliro onse ankaoneka kuti akugwa dala Lachisanu, tsiku la ntchito. Ndinkatumiza chipepeso pafoni n'kumadzimva kuti ndakhalapo, mwinanso kuposa amene anangopita ndi misozi yokha. Mwana wa Kalisito atamwalira ndinatumiza chochulukirapo, ndipo usiku umenewo ndinaimba bwino kwambiri kwa Dona Fina.

A Madalena anandiuza mosapsatira: "Achimwene, ndalama sigwira khasu. Anthu kuno akuwerenga nkhope. Maliro n'kulirana."

Ndinayankha kuti, "Achemwali, zimenezo n'zachimidzi. Kuno anthu timagwira ntchito."

Kenako malasha anazilala, a mataye anapakira. Eni malo anaona kuti munthu mmodzi ndi kompyuta amatchipa kuposa oimba asanu akumwa. Ngalawa inatseka, Dona Fina anadwala, konjuntu inabalalika. Ine ndinayamba kuzungulira m'mabaraka, timabala ta m'makwalala tija, kuimbira zidakwa zinzanga kuti andithirire kakapu. Ndinkagona ku Uvuni kuseri kwa zokuzira mawu, mlonda akandichitira chifundo. Tsiku lina ndinadzuka m'ngalande, thalauza litanyowa, osati ndi mvula. Viyola ndinaisinthanitsa ndi chigubu cha nipa. Nsapato zoyera zokha ndiye ndinakanirira.

Uthenga wa mayi unandipeza Lachitatu masana, pafoni ya mlonda wa ku Uvuni uja, ndili chiledzerere. Ndinaumva bwino Lachinayi m'mamawa. Anzanga akale anandisonkhera ya ulendo, ndipo yotsala ndinagula kireti ya mowa, poganiza kuti munthu wochokera mumzinda safika pamaliro chimanjamanja. Ndinakwera shapa mpaka pano pa Furancungo, n'kugona pasitolo, kenako mota, njinga yamoto ija, mpaka kumudzi, kireti ili pamiyendo. Unali mwezi wa chisanu. Ndinafika Lachisanu dzuwa litangotuluka, tsiku loika.

Kusiwa amayi ankaimba nyimbo zamaliro. A Madalena anatuluka, maso atatupa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Sanandikumbatire.

"Achimwene, pitani kumanda," anatero. "Adzukulu akhala pansi."

Inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno munthu sakumba manda a m'bale wake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, amuna a mabanja ena a m'mudzi, ndipo mawa akaferedwa iwo, iwe ndiye umawakumbira. Ine zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Ndinangoganiza kuti zinasiya kundikhudza.

Ndinawapeza amuna khumi ndi awiri atakhala pansi pa mitengo ya kumanda, makasu ali pamiyendo. Malo anali atalambulidwa kale pafupi ndi agogo anga, ndipo bango limene anayezera thupi la mayi linali litagonekedwa pansi, ngodya zinayi atalemba ndi khasu. Koma dothi linali losakhudzidwa. Mkulu wa adzukulu anali Kalisito, tsitsi litayamba imvi. Mukudziwanso pakamwa pa adzukulu, amaseka pamene ena akulira.

"Eee, taonani anzanga, kwabwera a senyoro, bwana wa m'tauni!" anatero Kalisito. "Nsapato zimenezi musazipondetse dothi, zingadwale."

Onse anaseka. Ine ndinatula kireti pakati pawo n'kunena kuti, "Mano Kalisito, m'bale wanga, ndabweretsa kothira kukhosi. Tiyeni tiyambepo, dzuwa likukwera."

Kuseka kunatha. Kalisito anayang'ana kireti ija nthawi yaitali.

"Orasiyo, ukutiyesa a ganyu?"

"Ayi, mano, ndimangoti..."

"Amako ndi mayi athu. Pamaliro aliwonse m'mudzi muno ankafika oyamba ndi nkhuni pamutu. Za iwo tilibe nawo mlandu. Koma mwana wamwamuna wa nyumba imeneyi ndi iwe, ndipo zaka zisanu ndi zinayi phazi lako silinaponde muno. Ife tinagwirizana kale. Foni yako ija ibwere idzakumbe."

"Nanga mukufuna ndilipe chiyani? Mbuzi?"

"Sitikufuna mbuzi." Anatenga khasu lake n'kuliponya pamapazi panga. "Malo ndi awo. Tayeza kale."

Abale anga, apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa moyo wanga unatembenukira pamenepa.

Ndinatola khasu ndi mkwiyo. Mumtima ndinkati, ndiwaonetsa anthu akumudziwa. Dothi la pamwamba linali lofewa, ndipo ndinafika m'mawondo ndisanapume. Kenako linayamba la katondo, louma gwa, losakanikirana ndi nsangalabwi. Manja amene zaka zonsezo ankangodziwa zingwe zinayi anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika. Kuyambira dzulo lake ndinali ndisanalawe kanthu, ndiye thupi linayamba kuitanitsa. Ndinkanjenjemera, thukuta lozizira lili chuchuchu. Kireti inali poteropo, mabotolo akunyezimira padzuwa. Kunena zoona, pa nthawi imeneyo ndinkaganizira mabotolowo kuposa mayi anga.

Adzukulu anangokhala. Wina ankapota fodya, wina ankasema kamtengo. Nthawi ndi nthawi wina ankaponya mawu: "Ngodya iyo yapindika, a senyoro. Amayi sagona mokhota."

Dzuwa litafika pamutu ndinali m'chiuno, ndipo mutu unayamba kuyenda. Khasu likamenya pansi ndinkamva ng'oma ya ku Uvuni. Kuwala kodutsa m'masamba kunasanduka timadontho ta pa Ngalawa, kumazungulira m'makoma a dzenje. Ndinamva fungo la simenti yonyowa, ndinaona mlambe ndi mababu ake, ndipo mdala wa suti yoyera uja ankavina yekha m'mphepete mwa manda, kampango kali m'manja. Kunali kokoma, abale anga. Ndinkafuna kungogona pansi pomwepo kuti nyimboyo isathe. Ndinkadikira kuti anthu akuwe dzina langa.

M'malo mwake mphepo inabweretsa nyimbo ya amayi a kusiwa aja kuchokera kumudzi. Ndinaizindikira. Inali yomwe ija ankaimba m'mawa ndikufika. Nyimbo zonse zinali zitawathera, ndipo anayambiranso poyamba. Mawu anali atasasa. Pamenepo m'pamene zinandilowa kuti mayi anga ali m'bokosi, akudikira, ndipo amene akuwadikiritsa si Kalisito. Ndinakumbukira bambo, ogona kwa eni, opanda wowalambulira. Mayi anapempha chinthu chimodzi chokha pamoyo wawo wonse, ndipo ine ndinati n'chosachita kunena.

Ndinamenyanso khasu, linagunda mwala, n'kundipulumuka. Ndinasanza m'ngodya ya dzenje. Ndinagwada kuti ndikwirire ndi dothi, ndipo sindinathenso kudzuka.

Nditakweza maso, Kalisito anali atanjuta pamwamba panga. Sankaseka. Ndinafuna kupepesa, koma ndinaona kuti sindikudziwa poyambira. Amene anagona m'manda amenewo ine kulibe anali ambiri, ndipo ena sindinkawakumbukira n'komwe. Ndiye ndinafunsa chimene chinabwera.

"Mano, mwana wako uja anagona pati?"

Analoza ndi mutu kamtumbira kakang'ono, mapazi khumi kuchokera pamene ndinkakumba. Pamwamba pake panali kakapu kapulasitiki kofiira.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamwamuna. Zaka zinayi."

"Dzina lake anali ndani?"

Kalisito anatokosa dothi ndi chala.

"Anali Orasiyo," anatero. "Ndinakutumizira uthenga atabadwa. Unayankha kuti udzabwera ndi viyola kudzamuimbira."

Sindinkakumbukira, abale anga. Uthengawo, yankholo, zonse zinamira mu nipa. Mnzanga anapatsa mwana wake dzina langa, mwanayo anakhala zaka zinayi akumva kuti kuli mnzake wa dzina amene adzabwera, anafa, ndipo ine ndinatumiza ndalama n'kukwera papaluko. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Ndinalankhula ndili chigwadire m'dzenje la mayi anga: "Ndalakwa. Ndalakwira iwe, ndalakwira mudzi. Ngati n'kukumba, ndikumba mpaka mawa, koma amayi asagonenso m'nyumba usiku wina. Chonde."

Kalisito anavula malaya n'kutsikira m'dzenje. Anandigwira m'khwapa n'kundipereka kwa anzake kumtunda. Kenako anakuwa, "Inu, mwabwera kudzaonera kanema? Bweretsani piki!" Amuna aja anadzuka onse pamodzi. Ntchito imene inandilanda theka la tsiku, iwo anaimaliza dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Kireti palibe anaikhudza. Mayi tinawagoneka madzulo amenewo, pafupi ndi amayi awo, pakati pa anthu awo. Koma ine sindinalire. Misozi inakana, ndinangoima ngati chitsa.

Tsono amene muli m'madzi amene ndinalimo, tcherani khutu, chifukwa kugwada m'dzenje sikuchotsa ludzu. M'mawa mwake ndinadzuka ndikufuna nipa kuposa kale.

Choyamba chimene ndinachita n'kuuza achemwali zoona. Ndinati, "Ndine chidakwa, ndipo ndikabwerera ku Tete ndikafera m'ngalande." Anandipatsa kanyumba kosungiramo fodya. Masiku oyambirira ndinkanjenjemera n'kumaona zinthu zoyenda pakhoma, mpaka Kalisito anandikweza pamota kubwera nane kuchipatala pano. Musachite manyazi kupita kuchipatala, mowa ukamatuluka m'thupi umatha kupha. Anamwino anandithandiza, ndipo sanandinyoze.

Nditapezako mphamvu, ndinasiya kuyenda ndi ndalama m'thumba. Kalikonse kamene ndapeza ndinkapereka kwa a Madalena, ngakhale anthu ankandiseka kuti bambo wandevu akupempha ya sopo kwa mlongo wake. Njira ya kumsika imadutsa pabaraka ina, ndiye ndinkazungulira kudambo, ulendo wotalika kawiri. Lachisanu madzulo ndiyo inali nthawi yoopsa, chifukwa thupi linkadziwa kuti ino ndi nthawi ya magetsi. Ndinapempha Kalisito kuti Lachisanu lililonse ndizikakhala pakhonde pake, tizisoka matumba kapena kungokhala. Pezani munthu wotero, wodziwa ola lanu loipa.

Ndipo maliro aliwonse ndinkafika woyamba ndi khasu. Poyamba adzukulu ankandipatsa ntchito yotaya dothi n'kumanditcha a senyoro. Ndinapirira. Ndinafunsa Kalisito mayina a onse amene anagona ine kulibe, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kukapepesa maliro a zaka zapitazo. Ena anandiyalira mphasa, ena anandiyankhira pakhomo.

Ndinagwako kamodzi, ndisakunamizeni. Pa ukwati wina anaika pasada yakale, munthu anandipatsa kapu, ndipo ndinadzuka m'munda wa chimanga patapita masiku awiri. Ndinkafuna kuthawa mudzi ndi manyazi. Kalisito anandipeza nati, "Wagwa, inde. Tsono ugona pomwepo? Dzuka, kwa a Fulatira kwagwa maliro." Ndinakakumba mutu ukuwawa, ndipo ndinayambiranso kuwerenga masiku.

Chaka chachitatu ndinapita ku Tsangano kukagwira ntchito m'minda ya mbatata ya kachewere, ndipo mwini munda anandituma kuperekeza lole ya matumba ku Tete. Ndinachita mantha, koma ndinapita. Titatsitsa katundu ndinayenda ndekha masana, dzuwa lili phwee, kukaona malo anga aja.

Ngalawa ndi sitolo ya matayala tsopano. Ndinasuzumira, ndipo kudenga kukadali kachitsulo kamene pankalendewera chimpira chija. Ku Uvuni anaboola mazenera, muli tchalitchi, ndipo papaluko pamene ndinkagona paima guwa. Kwa Dona Fina mpanda unagwa. Mwini wake anamwalira, ana anagawana malata. Mlambe ulipo, ndipo m'nthambi ina mukadali waya ndi babu limodzi lobiriwira, lakufa. Mbuzi zinali zitagona pasimenti pamene anthu ankavina. Ndinakhala pamuzu n'kutseka maso, ndipo zonse zinabwerera: fungo, kamphepo, anthu awiriawiri akusuntha pang'onopang'ono. Ndinawasowa malo amenewo, ndipo ndimawasowabe. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa malambe pafupi ngati akukumbukira konjuntu imene inkaimba pamenepo. Anati, "Kaya, bambo, ine ndinapeza pali mbuzi." Ndinagula malambe awiri n'kubwerera kulole.

Chaka chatha, mwezi wokolola, achemwali anga a Madalena anadwala masiku asanu n'kutisiya. Munthu amene anandisungira ndalama, amene anandiphikira phala ndikunjenjemera, amene anasamala mayi yekha zaka zonse zija. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya mayi anga.

Usiku wa maliro sindinagone. Mantha anandigwira. Ndinkaganiza za anthu amene anandiyankhira pakhomo, za tsiku lija ndinagwa pa ukwati, n'kumadzifunsa ngati zaka zisanu za khasu zingafafanize zisanu ndi zinayi. Kusanache ndinatenga khasu langa mwakachetechete n'kulunjika kumanda. Ndinati ngati akhalanso pansi, bola ndiyambe msanga, achemwali asadikire ngati mmene anadikirira mayi.

Ndisanafike ndinamva makasu. Anali atayamba kale ndi nyali, amuna oposa makumi awiri, ena a midzi yoyandikana imene ndinakakumbako. Dzenje linali m'chiuno. Kalisito anandiona n'kubwera kudzanditchingira njira.

"Ukupita kuti ndi khasu?"

"Ndimati ndidzathandize, mano."

"Unaona kuti namfedwa akukumba?" Anagwira mpini n'kuukoka. Ine ndinakanirira, iye anakokanso, mpaka ndinausiya. "Lero ntchito ndi yathu. Bwerera kusiwa, Orasiyo. Pita ukalire mlongo wako."

Ndinatembenuka, manja ali lende. Sindinafike n'kusiwa komwe. Ndinakhala pansi pakati pa njira, mame akunyowetsa thalauza, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana. Ndinalira achemwali, ndinalira mayi amene ndinali ndisanawalire, ndinalira bambo ogona kutali. Kumbuyo kwanga makasu ankapitiriza, ndipo palibe anabwera kudzanditonthoza, chifukwa onse anali otanganidwa kundikumbira.